Madzi a ku Kumano: kusamba kunayamba ngati pemphero

Ku Kawayu, m'dera la Kumano m'mapiri a Wakayama ku Japan, bafa umakumba wekha. Ukafukula miyala m'mbali mwa mtsinje wa Oto, madzi otentha amatumphuka pansi, kutentha kwake kopitirira madigiri 70. Ndiye umatsegula kangalande kuti a mumtsinje alowemo, azizireko mpaka thupi lithe kupirira. Kuyambira Disembala mpaka Febuluwale, mtsinje ukachepa madzi, eni dera amatchinga mbali imodzi n'kupanga dziwe lalikulu lotchedwa Sennin-buro, ndipo anthu amakhalamo nthunzi ili tolotolo, kunja kukuzizira koopsa.

Lero ambiri amapitako kukawongola msana basi. Makolo awo sankayendera zimenezo.

Zaka pafupifupi 1,000 zapitazo, mafumu a Japan amene anatula pansi udindo ankanyamuka ku Kyoto kupita kukapembedza ku akachisi atatu a Kumano, ulendo wa masabata angapo m'nkhalango zowirira. Mmodzi wa iwo, Go-Shirakawa, anapitako maulendo oposa 30. Pambuyo pake anthu wamba nawonso anayamba kukhamukirako, moti ankawayerekezera ndi nyerere zondondozana. Koma munthu sakanafika pamaso pa milungu ali ndi fumbi la m'njira. Asanalowe ku Kumano Hongu Taisha, mmodzi wa akachisi atatuwo, ankaima pa akasupe a Yunomine, pafupi ndi Kawayu pomwepo, n'kudziyeretsa m'madzi otentha.

Ku Yunomine kabafa kamwala ka Tsuboyu kadakalipo, m'kanyumba kamatabwa pakamtsinje. Mumalowa anthu awiri okha, ndipo mukapatsidwa mphindi 30 zikatha muzituluka, ena akudikira. Mu 2004 UNESCO inaika njira za Kumano pamndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, ndipo kabafaka kanalowa nawo. Chapansi pake pali chitsime cha madzi ofika madigiri 90 pomwe alendo amaphikapo mazira. Kuyera kwa malo sikuletsa njala.

Kale kachisi wa Kumano Hongu Taisha anali pachilumba chamchenga cha Oyunohara, pakati pa mitsinje, ndipo kwa nthawi yaitali panalibe mlatho. Wopembedza ankawoloka pansi, zovala zili chonyowa, kumeneko kukhala kudziyeretsa komaliza. Mu 1889 madzi osefukira anagumula nyumba zambiri za kachisiyo. Zotsalazo anazisamutsira paphiri, pomwe masiku ano anthu amafikapo pokwera masitepe, mapazi ali ouma.