Injini ikadwala: kukonza galimoto yakale kapena kugula ina?

Mwini galimoto akafika pagalaja injini ikufuka utsi kapena ikugogoda, kawirikawiri amakhala atagamula kale mumtima mwake kuti galimotoyo yatha. Pazaka zimene ndagwira ntchito ya umakaniko ndaona anthu ambiri akutaya magalimoto abwino pamtengo wozizira chifukwa cha vuto limene likanatha ndi gasiketi imodzi, ndipo ndaonanso ena akuthira ndalama zambiri m'galimoto imene thupi lake linali litadyeka kale ndi dzimbiri. Onsewa analakwitsa pamalo amodzi: anapanga chiganizo asanadziwe chimene chawonongeka.

Utsi wotuluka kumpope umanena zambiri. Utsi wobiriwira ngati mtambo umasonyeza kuti oyilo akulowa m'masilinda ndi kupsa pamodzi ndi petulo, ndipo gwero lake limakhala maring'i a mapisitoni kapena timphira ta mavalavu. Utsi woyera umene sukutha ngakhale injini itatentha, makamaka ngati madzi a m'rediyeta akuchepa popanda podontha pooneka, umaloza ku gasiketi ya hedi, chomatira chimene chimakhala pakati pa mutu wa injini (hedi) ndi thunthu lake (buloko). Mukasolola kachitsulo koyezera oyilo mungapeze kuti oyiloyo wasanduka ngati tiyi wamkaka. Phokoso logogoda lochokera pansi pa injini, limene limakula mukaponda mafuta, ndilo loopsa kwambiri, chifukwa limatanthauza kuti mabeyaling'i a kulankishafuti adyeka. Apa ndi pamene timati injini yanoka, ndipo kuyendetsabe galimoto yotero ngakhale makilomita ochepa kungathe kuboola buloko yonse.

Musavomereze kuti injini itsegulidwe makaniko asanayeze mphamvu ya mpweya m'silinda iliyonse. Kuyezaku sikutenga ola lathunthu. Pa injini yabwino masilinda onse amapereka manambala oyandikana, osasiyana kupitirira pafupifupi magawo 10 pa 100 alionse. Silinda imodzi ikatsika, timathiramo oyilo pang'ono kudzera pabowo la pulagi ndi kuyezanso: nambala ikakwera, vuto lili pa maring'i, koma ikakhala pomwepo, tiyang'ane mavalavu kapena gasiketi. Ntchito ya pamwamba, yosintha gasiketi ndi kupala hedi imene yapindika ndi kutentha, ndi yaing'ono poiyerekeza ndi ovaholo yonse, yomasula ndi kumanganso injini yathunthu, ndipo si chifukwa chogulitsira galimoto.

Vuto likakhala lakuya, njira zilipo ziwiri, kumanganso injini yomweyo kapena kuika ina yogwirapo kale ntchito yochokera kunja. Pa magalimoto ofala monga Toyota Probox, Sienta ndi Corolla, amene ambiri mwa iwo ali ndi injini ya 1NZ-FE ya malita 1.5, zitsulo zimapezeka mosavuta ku Biwi mu Lilongwe kapena ku Ndirande mu Blantyre, ndipo amakaniko ambiri amaidziwa bwino injiniyi. Ovaholo imapindula ngati buloko ndi kulankishafuti zili bwino komanso ngati zitsulo zogulidwa ndi zenizeni, pakuti maring'i achinyengo amabweza utsi uja pakangopita miyezi yowerengeka. Buloko ikang'aluka, ine ndimalangiza kugula injini ina, koma wogulitsayo alembe papepala masiku amene mungaibweze ikapezeka ndi vuto, chifukwa palibe amene angakuuzeni motsimikiza mtunda umene injini yotsitsidwa m'galimoto ina yayenda. Kumbukiraninso kuti nambala ya injini imalembedwa m'buluubuku, choncho mukasintha injini pitani ku ofesi ya Road Traffic kuti zikalata zigwirizane ndi galimotoyo.

Pali lamulo limene anthu amakonda kulitchula, lakuti mtengo wokonzera ukapitirira theka la mtengo wa galimoto ndi bwino kuigulitsa. Lamuloli limagwira ntchito kumaiko kumene magalimoto akale ndi otsika mtengo, koma kuno kwathu liyenera kuyezedwa mosamala. Galimoto yolowa m'malo mwa yanuyo idzagulidwa ndi madola ku Japan, idzatsika padoko la Dar es Salaam, idzayenda ulendo wautali mpaka pachipata cha Songwe, kenako idzalipiridwa msonkho ku MRA malinga ndi zaka zake ndi kukula kwa injini yake. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama imene kale inkagula galimoto yathunthu lero siifika patali. Choncho mtengo wokonzera muziuyerekeza ndi ndalama zonse zimene mungatulutse kuti galimoto ina iime pakhomo panu, mutachotsapo zochepa zimene mungapeze pogulitsa galimoto yodwala injini. Ndipo galimoto yobwerayo nayonso ndi yakale, mbiri yake simukuidziwa, pamene yanuyi mukudziwa chilichonse chimene munasinthamo.

Chimene chimandichititsa kuuza munthu kuti aisiye galimoto yake nthawi zambiri si injini ayi. Ndimalowa pansi ndi tochi kukayang'ana chasisi, pakuti magalimoto ena anachokera kumpoto kwa Japan kumene misewu imathiridwa mchere nthawi ya chipale, ndipo dzimbiri likadya malo ogwirira masipuling'i, kuwotcherera sikubwezeretsa mphamvu yake. Ndimamvetseranso giyabokosi, makamaka ya otomatiki ya mtundu wa CVT, imene ikayamba kulira kapena kuterereka siikonzeka mosavuta ndipo mtengo wake ungafanane ndi wa injini. Injini, chasisi ndi giyabokosi zikadwala pamodzi, kapena galimotoyo ikakhala ya mtundu wosowa umene kachitsulo kalikonse kamayenera kuitanitsidwa ku South Africa kapena ku Dubai, kugulitsa ndiye nzeru, makamaka kwa munthu amene galimotoyo ndiyo imamudyetsa ndipo sabata iliyonse imene yaima pagalaja ndi ndalama yotayika.

Mukasankha kukonza, funsani chimene chinapha injini yoyambayo. Nthawi zambiri ndimapeza rediyeta yotsekeka ndi matope a madzi a pachitsime, fani yosazungulira, pampu ya madzi yodyeka, kapena themositati (kachipangizo kowongolera kutentha kwa injini) imene wina anaichotsa poganiza kuti akuthandiza. Ikani pabajeti yanu kutsuka kapena kusintha rediyeta, mapaipi ake, themositati yatsopano ndi mankhwala oziziritsira injini m'malo mwa madzi wamba, ndipo injini yomangidwa kumene musinthe oyilo wake ndi fyuluta ikangoyenda makilomita pafupifupi 1,000 oyambirira.