Madzi sachotsa gasi wa ethylene oxide m'machubu a labala

Anamwino, madokotala ndi nonse okonza zipangizo za ku fiyeta, chonde tamverani. Zikumveka kuti odwala akachuluka, ena akumatenga chubu chimene changotuluka m'makina a ethylene oxide, n'kuchitsukuluza ndi madzi kapena saline (madzi amchere a kuchipatala), basi n'kuika mwa wodwala. Mchitidwe umenewu uleke.

Gasiyu amaphera tizilombo pa zinthu zimene zingawonongeke ndi kutentha kwa autoclave (makina ophera tizilombo ndi nthunzi yotentha), monga machubu a mkodzo, machubu opumira olowetsa kukhosi ndi mamasiki a labala. Chitsulo ndi galasi sizimumwa. Koma labala ndi pulasitiki, makamaka PVC, zimamumwa ngati chinkhupule. Ndiye kuti gasi ali m'kati mwenimweni mwa labalayo, pamene madzi anu akungonyowetsa kunja. Saline ndiye woipirapo, chifukwa mchere wake ukakumana ndi gasiyu pangapangike poizoni wina wotchedwa ethylene chlorohydrin.

Chubu chotere chikakhala m'thupi, gasi amatuluka pang'onopang'ono n'kuwotcha khosi kapena njira ya mkodzo mpaka kutupa, ndipo akafika m'magazi amaphwanya maselo ofiira. Wodwala amene mwamugoneka sangakuuzeni kuti akupsa. Mwana wakhanda nayenso sanena. Inunso amene mumatsegula mapaketiwo mukupuma gasi amene bungwe la padziko lonse lofufuza za khansa la IARC linamuika mu 1994 m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mwa anthu.

Chimene chimachotsa gasiyu ndi mpweya woyenda, kutentha ndi nthawi. Mu aerator, makina opititsa mpweya wofunda pa zipangizo kuti gasi achoke, zipangizo zikhale maola 12 pa madigiri 50 a Celsius, kapena maola 8 pa madigiri 60. Popanda aerator, zikhale masiku 7 m'chipinda chopita mphepo bwino, chimene simukhala anthu. Masiku 7, osati usiku umodzi. Ngati opanga chipangizocho analemba nthawi yotalikirapo, tsatani yawoyo. Magetsi akathima aerator isanamalize, maola amenewo musawawerengere.

"Komatu sichikununkha," amatero ena. Mphuno imayamba kumva gasiyu atachuluka kale kwambiri, kupitirira kutalitali mlingo wovomerezeka pantchito. Kusanunkha si umboni.

Ndibwerezenso: kutsukuluza sikulowa m'malo mwa kudikira, ngakhale adokotala akukufulumizitsani pakhomo. Lembani pa paketi iliyonse tsiku ndi ola limene yalowa mu aerator komanso limene yatuluka. Paketi yosalembedwa ibwerere. Sungani machubu ena okonzeka pa shelefu kuti opaleshoni yadzidzidzi isakuchititseni kutenga chosakwana nthawi. Mukaona wodwala watupa kapena wachita matuza pamene panadutsa chubu, dziwitsani akuluakulu a wodi tsiku lomwelo, ndipo zonse zimene zinalowa m'makina limodzi ndi chubucho ziikidwe pambali.