Imfa ya Aerith ndi mkangano wa Final Fantasy VII kuno ku Zomba

Pa 31 January 2027 gemu ya Final Fantasy VII ikwanitsa zaka 30 chitulukireni ku Japan, ndipo pamene tsikuli likuyandikira, mkangano wakale wabukanso pakati pa anthu a mu Zomba amene amaikonda. Ndi anthu ochepa, poti m'mashopu a magemu ku Chinamwali, ku Matawale ndi ku Chikanda chodzaza mabenchi ndi mpira ndi nkhonya basi. Koma ochepawo akakumana sagwirizana. Achinyamata, ambiri a iwo ophunzira pa Chanco, amati Remake ya 2020 ndi Rebirth ya 2024, zigawo ziwiri za gemu yomweyi yopangidwanso mwatsopano, zidatenga gemu yokalamba n'kuipatsa moyo. Madala amene adasewera yoyambayo amati zatsopanozi n'zokongola ndithu, koma zidawononga chinthu chimodzi chomwe sichidayenera kukhudzidwa. Amene simunamalize magemuwa dziwiranitu kuti ndiulula mathero, chifukwa mkanganowu wagona pomwepo.

Kampani ya Square idayamba Final Fantasy mu 1987, ndipo magemu asanu ndi imodzi oyambirira onse adatuluka pa makina a Nintendo. Yachisanu ndi chiwiri ndiyo idasamukira ku PlayStation ya Sony. Chifukwa chimene aliyense amatchula n'cha malo: Nintendo 64 idakakamira makatiriji (timakaseti ta magemu), omwe aakulu kwambiri ankanyamula 64 MB, pamene CD imodzi inkanyamula pafupifupi 650 MB, ndipo gemuyi idadzaza ma CD atatu. Mu 2017 tsamba la Polygon lidafunsa anthu ambiri amene adagwira ntchitoyi, ndipo pa nkhani ya malo amagwirizana. Pamene amasiyana ndi pa mmene adasiyanirana ndi Nintendo, ena akukumbukira mkwiyo, ena akuti zidayenda mwaulemu. Anthu akamakumbukira zinthu patapita zaka 20 aliyense amakumbukira mbali yake, choncho ine ndimakhulupirira za ma CD, zinazo ndimazimva chabe. Woyang'anira ntchito yonse adali Hironobu Sakaguchi, wotsogolera adali Yoshinori Kitase, wojambula anthu ake Tetsuya Nomura, ndipo nyimbo adapeka ndi Nobuo Uematsu. Ku America idafika mu September 1997, ku Ulaya mu November chaka chomwecho.

Za mmene idafikira ku Zomba palibe amene adalemba, tingodalira zokumbuka za osewera. Onse amene ndacheza nawo amatchula zaka zoyambirira za m'ma 2000, pamene ma PlayStation ogwiritsidwa kale ntchito ankabwera m'zikwama za abale ochokera ku Joni, pamodzi ndi madisiki okopera olembedwa dzina ndi cholembera. Mu shopu gemu yotere sinkatheka. Kumeneko umalipira kanthawi kochepa, kumbuyo kuli mzere, ndipo mwini shopu sangalole munthu mmodzi kukhala maola akuwerenga zokambirana za pa TV. Inkaseweredwa m'nyumba, ndipo inkafuna memory card. Kuseva kunkatheka pa malo oikika okha kapena pa mapu akunja, ndiye magetsi akazima uli pakati pa phanga, ntchito ya madzulo onse yapita. Chingerezi chakenso chidali chomasuliridwa mothamanga, ziganizo zina zosamveka, moti tinkathandizana kumva nkhani, wina atagwira kontirola, ena atatu atakhala pa mkeka akutsutsana za tanthauzo.

Nkhani yake idatigwira msanga. Mzinda wa Midgar uli ndi chimbale chachikulu chachitsulo pamwamba, olemera amakhala pamwambapo, osauka pansi pake kosafika dzuwa. Kampani ya Shinra imapopa mphamvu ya Mako, yomwe ndi moyo weniweni wa dziko, n'kumaigulitsa ngati magetsi. Cloud, msilikali waganyu, alowa m'gulu la Avalanche lomwe likuphulitsa malo opopera mphamvuyo, kenako akumana ndi Aerith, mtsikana wogulitsa maluwa.

Kumapeto kwa disiki yoyamba, mu mzinda wakale wosiyidwa, Aerith wagwada akupemphera. Cloud wayandikira. Sephiroth, mdani wamkulu wa m'nkhaniyi, atsika kuchokera kumwamba ndi lupanga lake lalitali n'kumubaya Aerith kumsana. Kamwala koyera kamene kadali m'tsitsi lake kagwa, kakudumpha pa masitepe mpaka kulowa m'madzi. Nkhondo yotsatira imayamba nyimbo yake yachisoni ikulirabe, osasintha kukhala ya nkhondo monga mwa nthawi zonse. Ikatha, Cloud amunyamula n'kukamugoneka m'nyanja, thupi likumira pang'onopang'ono. Ukatsegula mndandanda wa anthu ako, dzina lake mulibe, ndipo silibweranso m'madisiki awiri otsalawo. Amene adathera maola akumukweza mphamvu, poti ndiye ankachiritsa anzake bwino kuposa onse, adataya zonsezo.

Kitase ndi Nomura akhala akufotokoza m'mafunso osiyanasiyana kuti adachita dala. Sadafune imfa ya ngwazi yodzipereka ndi mawu otsanzika, ankafuna imfa yobwera mwadzidzidzi n'kusiya malo opanda kanthu, monga zimakhalira pa moyo weniweni. Osewera ambiri padziko lonse adakana kuvomereza. Mphekesera zidafala kuti pali njira yobisika yomudzutsira, ndipo ngakhale kuno, kopanda intaneti m'nyumba nthawi imeneyo, zidafika. Ndikukumbuka mnyamata wina wa ku Sadzi akulumbira kuti msuweni wake ku Blantyre adamudzutsa, ife n'kubwerera m'tchalitchi cha ku Midgar, momwe Aerith ankasamalira maluwa, kukafufuza ngodya iliyonse. Njirayo kudalibe.

Zaka zotsatira tingazidutse mwachangu. Square idaphatikizana ndi Enix mu 2003. Mu 2005 kampaniyi idaonetsa chiyambi cha gemuyi chojambulidwanso, pofuna kungosonyeza mphamvu ya PlayStation 3, ndipo kuchokera pamenepo anthu sadaleke kupempha. Mu December 2014 adalengeza kuti gemuyi ikubwera pa PlayStation 4, koma idali yakale yomwe ija, anthu n'kukhumudwa. Mu June 2015 ndi pamene adalengeza Remake yeniyeni, ndipo mu December chaka chomwecho adaulula kuti idzatuluka m'zigawo. Mu 2017 ntchito idachotsedwa m'manja mwa kampani yothandizira ya CyberConnect2 n'kubwerera mkati. Gawo loyamba lidatuluka pa 10 April 2020, mliri wa Covid-19 uli pakati, sukulu za m'Malawi zitatsekedwa mu March, Chikanda ali zii.

Zabwino za Remake palibe wozikana, ngakhale madala omwe. Midgar, yomwe kale unkaimaliza m'maola asanu kapena asanu ndi limodzi, idakula kukhala gemu yathunthu ya maola oposa 30. Jessie, Biggs ndi Wedge a m'gulu la Avalanche, amene mu 1997 adali ndi mizere yowerengeka, adakhala anthu enieni. Pali mutu wina umene mumapita usiku kwawo kwa Jessie pamwamba pa chimbale, mayi ake akulandira alendo ndi chakudya pamene bambo ake ali chigonere chipinda china, odwala chifukwa cha Mako. Chimbale cha Sector 7, chigawo china cha Midgar, chikamadzagwa, umakhala ukudziwa nkhope za amene ali pansi pake. Kamenyedwe kadasinthanso. Kale unkadikira nthawi yako n'kusankha lamulo, tsopano umamenya wekha, koma ukhoza kuchedwetsa nthawi kuti usankhe matsenga, ndipo materia, timiyala topatsa matsenga, adakalipo. Apa achinyamata akunena zoona, ndipo wowatsutsa ndiye kuti sadaigwire gemuyo. Penapake pokha amakokera nkhani, kukutuma kukasaka amphaka ndi kuyenda m'makwalala aatali opanda chochitika.

Pomwe zinthu zidatembenukira ndi pa mizukwa. Kuyambira m'mitu yoyambirira mumaoneka zinthu zouluka zovala mikanjo yotuwa, zopanda nkhope, zotchedwa Whispers, zimene mu gemu yakale mudalibe. Poyamba sudziwa ntchito yake. Pang'onopang'ono umazindikira kuti zimabwera nthawi iliyonse imene nkhani yayamba kupatuka pa njira ya 1997, kudzaibweza. Cloud atatsala pang'ono kusiyidwa pa ulendo wachiwiri wokaphulitsa, zimavulaza Jessie mwendo kuti Cloud apite. Sephiroth atabaya Barret, mtsogoleri wa gulu la Avalanche lija, m'nyumba ya Shinra, zimamudzutsa, poti mu gemu yakale Barret safera pamenepo. Ndiye mu mutu womaliza, wa 18, pa msewu wotulukira mu Midgar, Aerith atsegula khomo, ndipo wosewera amamenyana ndi mizukwayo n'kuigonjetsa. Zitatero tiona Zack, mnzake wakale wa Cloud, yemwe tonse tinkadziwa kuti adafera kunja kwa Midgar, ali moyo, akuyenda atakoleka Cloud paphewa. Biggs nayenso adzuka pa bedi.

Apa opanga gemu adauza wosewera kuti zimene zidalembedwa kale zikhoza kusintha, ndipo aliyense wodziwa nkhaniyi adaganiza za munthu mmodzi yekha. Mphekesera ija ya m'ma 2000 idasanduka nkhani ya gemu yeniyeniyo. Achinyamata amati uku ndiye kulimba mtima, poti kubwereza nkhani yodziwika kale mzere ndi mzere kukadakhala ulesi. Madala amayankha kuti amene akuyamba kumene sangamve chilichonse pa mathero amenewa, chifukwa Zack samudziwa, ndipo kuti gemu yotchedwa Remake yasanduka yongolankhula ndi amene adasewera yakale. Pa mfundo iyi ndidaona ndekha mphwanga akumaliza mutu 18 n'kucheuka kundifunsa kuti, achimwene, wa tsitsi lakudayu ndi ndani?

Rebirth idatuluka pa 29 February 2024, motsogozedwa ndi Naoki Hamaguchi, ndipo imathera mu mzinda wakale womwe uja. Dziko lake ndi lalikulu, lodzaza masewera ang'onoang'ono, ndipo a makadi otchedwa Queen's Blood adakondedwa ndi ambiri. Koma pofika pa malo paja Aerith amapemphera, Cloud aoneka akutchinga lupanga la Sephiroth, chithunzi chisokonekera, kenako magazi aoneka. Anzake akulira, iye akumuonabe Aerith ndipo akulankhula naye. Zomugoneka m'madzi sationetsa. Omasulira pa intaneti agawanika, ena akuti wafa ndipo mutu wa Cloud ndiwo wasokonekera, ena akuti ali moyo m'dziko lina, ndipo gemuyo payokha sidula mlandu. Mdala wina wa ku Mpondabwino adandiuza kuti zili ngati kugona pa maliro usiku wonse, kutacha n'kuuzidwa kuti kumanda simupita ndipo mwina mwini wakeyo adakalipo. Achinyamata amati tidikire gawo lachitatu tisanaweruze. Mwina akulondola, koma gemu ya 1997 idapereka chisoni chake chonse pa disiki yoyamba, osauza munthu kuti adikire zaka.

Palinso za m'thumba, zimene olemba a kunja sazitchula kawirikawiri. Remake idatuluka pa PlayStation 4, Rebirth pa PlayStation 5 yokha mpaka pamene idafika pa kompyuta mu January 2025, ndipo kompyuta yake si ya wamba. Rebirth idatuluka pa PlayStation 5 patangopita miyezi itatu kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Imabwera pa madisiki awiri, ndipo kuikopera pa intaneti ndi ma GB oposa 100. Zotsatira zake n'zakuti ambiri mwa amene amaiteteza mwamphamvu kuno adaionera pa YouTube, usiku bandulo ikatchipa, osaigwira m'manja. Sindikuwanyoza, nkhaniyo amaidziwa bwino, koma kuonera sikufanana ndi kutaya munthu amene wamulera wekha kwa maola 20. Za malonda, Square Enix idalengeza kuti Remake idagulitsa makope 3.5 miliyoni m'masiku atatu oyamba, ndi 7 miliyoni pofika September 2023. Pa Rebirth sidatulutse chiwerengero chotere itangotuluka, idangouza eni masheya mu 2024 kuti phindu silidafike pomwe inkayembekezera. Madala amatenga izi ngati umboni wawo, koma chifukwa china chachikulu chikhoza kukhala kuchepa kwa makina omwe gemuyo inkaseweredwapo, ndipo kampaniyo idalengeza kuti iyamba kutulutsa magemu ake pa makina osiyanasiyana.

Yakale ija sidachoke pa msika. Idafika pa iPhone mu 2015, pa Android mu 2016, pa Switch ndi Xbox One mu 2019, ndipo ya pa kompyuta imayenda ngakhale pa laputopu yokalamba ya mwana wa sukulu. Anthu ake ndi a manja ngati zibuma, mawu sawatulutsa, ndipo achinyamata ena amaisiya asanatuluke n'komwe mu Midgar. Amene amapirira amapeza nkhani yonse kuyambira poyamba mpaka pamapeto pa mtengo umodzi, pamene atatu atsopanowa, lachitatu likadzatuluka, adzakhala atatenga zaka zoposa khumi chilengezereni mu 2015.