Zephyranthes, duwa lodzuka ndi mvula

Mvula yamphamvu ikagwa pambuyo pa ng'amba, pakangopita masiku awiri mpaka anayi, malo omwe munabzala Zephyranthes amangoti mbwee maluwa. N'chifukwa chake pa Chingerezi amalitchula rain lily. Linachokera ku mayiko a ku America ndipo lili ndi mitundu ingapo: la maluwa oyera, Zephyranthes candida, ndi la ku Argentina ndi Uruguay, la pinki lalikulu, carinata, ndi la ku Mexico, pomwe citrina limachita maluwa achikasu.

Ambiri amene amadandaula kuti lawo limangophuka masamba amakhala kuti akulithirira tsiku ndi tsiku. Chimene chimadzutsa duwali ndi kusintha, dothi kuuma kenako kunyowa kwambiri. Lisiyeni milungu iwiri kapena itatu osathirira, kenako thirirani mpaka madzi alowe pansi. Chinyezi chosatha chimaoletsa mizu yake, makamaka m'dothi lamakande. Mwa mitundu itatuyi, candida ndiye amapirira kwambiri malo onyowa.

Mbewu yake ndi kamuzu konga anyezi wamng'ono. Sakanizani dothi ndi mchenga komanso manyowa owola bwino, kwirirani kuti khosi la kanyeziko likhale masentimita 2 kapena 3 pansi, ndipo mutalikitse masentimita 5 mpaka 8. Musaope kuthithikana, maluwawa amakongola komanso amachita bwino akapanikizana, ngakhale mumphika, bola ukhale wobooka pansi. Dzuwa la maola asanu kapena asanu ndi limodzi ndi lokwanira. Kumalo otentha kwambiri mthunzi wamadzulo umathandiza.

Duwa limodzi limakhala tsiku limodzi mpaka atatu basi, koma chitsa chimodzi chimaphukira kangapo m'nyengo yamvula. Masamba obiriwira musamadule, ndiwo amadyetsa kanyezi kuti kadzachite maluwa ena. Feteleza wa nayitrojeni wambiri amachulukitsa masamba, maluwa n'kuchepa.

Pakatha zaka zitatu kapena zinayi, fukulani chitsa, patulani ana ake, mubzale tsiku lomwelo. Citrina amabereka njere zakuda zopyapyala. Zifeseni kachipatso kake kakangosweka, chifukwa zikakhalitsa sizimera, ndipo dikirani zaka ziwiri kapena zitatu kuti muone duwa.

Mdani wamkulu ndi mbozi yakuda ya madontho oyera kapena achikasu, Brithys crini, yomwe imaboola tsamba n'kutsikira mpaka kukanyezi. Tsamba likayamba kuoneka lofota ndi lobooka mkati, lidulireni pansi n'kupha mboziyo. Nkhono nazo zimadya timaluwa tosatsegula usiku.

Mizuyi ili ndi poizoni wotchedwa lycorine. Poti imafanana ndi anyezi, musaisunge pafupi ndi zakudya kapena pomwe ana ndi agalu angafike.