Mkangano wa zitseko za pa Liwonde

Nyanja ya Malawi itasefukira mu 2024, madzi n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, anthu a kunyanja anali ndi mfuu imodzi: tsegulani zitseko za pa Liwonde madzi apite. Oyang'anira madzi a boma sanalole kuzitsegula zonse nthawi imodzi, ndipo ambiri anaona ngati ndi nkhanza. Kukana kumeneku kuli ndi gwero lake, ndipo ndi lakale kuposa ufulu wa dziko lino.

Madzi a m'nyanja yathu amatuluka pa khomo limodzi lokha, mtsinje wa Shire. Kuchokera ku Mangochi mpaka kupitirira Liwonde mtsinjewu umayenda mwaulesi, koma pakati pa Matope ndi Chikwawa umagwa mamita pafupifupi 400 podutsa m'mathithi otsatizana. David Livingstone atafika pa Kapichira mu 1859, sitima yake ya Ma Robert inathera pomwepo. Mathithiwo anawatcha Murchison, ndipo kwa iye anali chipsinjo chotseka njira yopita kunyanja. Patapita zaka zoposa 100, mathithi omwewa ndi amene anayatsa Blantyre.

Koma asanamange chilichonse, akatswiri anali ndi nkhawa ina. Kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 nyanja inatsika kwambiri, mchenga ndi bango zinatseka njira, ndipo Shire analeka kutulutsa madzi a m'nyanja. Mtsinje waukulu chonchi unkangodalira timitsinje totsikira m'menemo. Ndani akanaika ndalama zake pa makina omwe tsiku lina angakhale pouma? N'chifukwa chake Kamuzu Barrage, zitseko zolamulira madzi a mu Shire, inamangidwa pa Liwonde mu 1965, kenako Nkula A n'kuyamba kupanga magetsi mu 1966, mamegawati 24. Zitseko zinabwera poyamba, magetsi pambuyo.

Zina zinatsatira pa mtsinje womwewo: Tedzani mu 1973, Nkula B kuyambira mu 1980, ndi Kapichira mu 2000, yomwe gawo lake lachiwiri litatha inafika pa mamegawati pafupifupi 130. Wovwe ku Karonga ndi kamwana chabe, mamegawati 4.5.

Chimene ambiri sadziwa n'choti pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira palibe damu lalikulu ngati la Kariba kapena Cahora Bassa. Madzi amapatutsidwa pa dziwe laling'ono, amadutsa pa zitsulo zosefa zinyalala, amalowa m'ngalande zoboola m'thanthwe ndi m'mapaipi otsetsereka, n'kukamenya mapiko a makina. Mapikowo akamazungulira amazungulitsa jenereta, madzi aja n'kubwerera mu Shire kupita kwa mnzake wakumunsi. Madzi amene apanga magetsi pa Nkula ndi omwewo akapangenso pa Tedzani ndi pa Kapichira. Nkhokwe ya onsewa ndi nyanja, ndipo kiyi wa nkhokweyo ali pa Liwonde. Amene watsegula mosasamala chaka cha mvula yambiri, adzalira chaka cha chilala.

Kulirako tinakuona. Mvula itavuta mu 2015 ndi 2016 nyanja inatsika, ndipo pofika 2017, chaka chimene EGENCO, kampani yopanga magetsi, inapatukana ndi ESCOM, magetsi ankazima nthawi yaitali kuposa imene ankayaka. Amayi ankagona pa chigayo ndi matumba a chimanga kudikira kuti mwina ayaka pakati pa usiku. Owotcherera zitsulo ndi ometa ankangokhala manja lende.

Madzi akachuluka nawonso ali ndi zawo. Nthawi ya dzinja namasupuni, zipika ndi udzu zimakakamira pa zosefa zija mpaka makina kuzimitsidwa kuti anthu achotse. Matope ochokera m'mitsinje ngati Rivirivi ndi Lisungwi, kumene mitengo inathera ku makala, amakwirira maiwe. Ndipo mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula mbali ya damu la Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi a mu Shire mpaka mu 2023.

Ine ndili kumbali ya osunga zitseko, ngakhale kuti munthu amene nyumba yake yamira ku Mangochi dandaulo lake ndi lomveka ndipo sayenera kuyankhidwa mwamwano. Madzi otsegulidwa pa Liwonde sathera m'malere. Amakadutsa pa makina aja, kenako amakapeza anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje, omwe kusefukira kwa madzi kwawasamutsa kale kambirimbiri. Komanso tisabise: nyumba zambiri za m'mbali mwa nyanja zinamangidwa pa zaka zimene nyanja inali yotsika, pamalo pomwe madzi anafikapo kale mu 1980. Amene anapereka malowo ndi kuvomereza mapulani ali ndi mlandu woti ayankhe.

Mkanganowu ukulirakulira, chifukwa odalira Shire akuchuluka. Ngalande yaikulu yothirira minda ku Chikwawa inakonzedwa kuti izitenga madzi ake pa Kapichira pomwepo. Ndipo ntchito ya magetsi ya Mpatamanga, ya mamegawati oposa 350, ikukonzedwa pakati pa Tedzani ndi Kapichira, kumunsi kwa zitseko zomwezi.