Shawelo yozungulira ikakana kugona pansi

Sabata yatha mayi wina wa ku Chitakale anafika pakhonde panga atanyamula jumbo, nkhope ili yakugwa. Mwana wake wamkazi ndi woyembekezera, masiku atsala pang'ono, ndipo iye anali atatha masabata atatu akuluka ndi singano ya crochet shawelo yozungulira yoti mdzukulu adzatulukire nayo m'chikuta. Ataiyala pa mkeka, pakati panagona bwinobwino, koma m'mphepete monse munali mafunde okhaokha ngati mpendero wa siketi ya mwana.

"Amayi, ndingoisita kodi?" anandifunsa.

"Ayi achemwali, nsimbi isiyeni kaye. Khalani pansi tiwerenge."

Anali pa mzere wa 14, pomwe payenera kukhala masitichi 168. Tinapeza 194. Polumikiza mzere uliwonse ankabaya singano m'malo awiri osayenera, pa kasitichi kotsekera ndi patsinde pa tcheni choyambira, ndiye mzere uliwonse unkaba masitichi awiri. Awiri amaoneka ochepa, koma pa mizere 13 akwana 26, ndipo alibe pogona. N'chifukwa chake amadzuka n'kuchita mafunde.

Pa zaka zonse zimene ndaphunzitsa kuluka ndi singano ya crochet, shawelo yozungulira imalakwika m'njira ziwiri basi. Ikachita mafunde, masitichi achuluka kuposa malo. Ikapindikira m'mwamba ngati lichero, kapena kufika pokhala ngati chipewa, masitichi achepa kapena dzanja lakoka ulusi kwambiri. Palibe tsoka, palibe ulusi woipa mtima. Ndi nkhani ya kuwerenga.

Chifukwa chake n'chosavuta. Mukawonjezera mzere umodzi kunja kwa chinthu chozungulira, njira yozungulira imatalika kasanu ndi kamodzi ndi kanthu kuyerekeza ndi msinkhu wa mzerewo. Ndiwo 6.28 uja tinkamuona kusukulu. Sitichi yaifupi, imene a ku America amaitcha single crochet, msinkhu ndi m'lifupi mwake zimangofanana, ndiye mumayamba ndi 6 n'kumawonjezera 6 mzere uliwonse. Yapakati, half double crochet, imafuna 8. Yaitali ija timakonda pa mashawelo, double crochet, msinkhu wake ndi pafupifupi kawiri m'lifupi mwake, ndiye imafuna 12: mzere woyamba 12, wachiwiri 24, wachitatu 36, wa 10 ukhale ndi 120. Nambala ya mzere muichulukitse ndi 12, imeneyo ndiyo nambala yoyenera kupezeka m'manja mwanu.

Apa ndichenjeze atsikana amene mukuphunzira pa YouTube ndi pa Facebook, chifukwa ambiri agwera m'mbuna imeneyi. Dzina loti double crochet ku America limatanthauza sitichi yaitali, koma ku Britain limatanthauza yaifupi ija, ndipo yaitaliyo amati treble. Mukatenga pateni ya ku Britain yoyamba ndi 6 n'kumaluka sitichi yaitali, pofika mzere wachinayi mudzakhala mutaluka chipewa. Mukatenga ya ku America yoyamba ndi 12 n'kumaluka yaifupi, mafunde ayamba pomwepo. Pateni ikatchula single crochet penapake, dziwani kuti ndi ya ku America, chifukwa a ku Britain alibe dzina limenelo.

Komabe 12 si lamulo la m'Baibulo. Manja amasiyana. Wina amakweza lupu pamwamba, sitichi yake n'kutalika. Wina amaipanikiza, n'kufupika. Amene sitichi zake ndi zazifupi adzaona mafunde ngakhale atawerenga molondola, makamaka shawelo ikakula kudutsa mizere 15 kapena 20. Ndiye ine ndimati, mizere itatu iliyonse ichotseni shaweloyo pamiyendo, muiyale pa simenti kapena patebulo, muisiye osaiwongola ndi dzanja, muione. Pamiyendo imanama. Pansi pathyathyathya imanena zoona.

Mukaona kuti mafunde angoyamba kumene, lukani mzere umodzi wathunthu osawonjezera sitichi ngakhale imodzi, kenako muyalenso. Nthawi zambiri imagona. Mukaona kuti yayamba kupindikira m'mwamba, masulani mizere iwiri, mubwerezenso ndi dzanja lomasuka, kapena mukweze singano pang'ono, kuchoka pa 4 mm kupita pa 4.5 mm. Koma mafunde akafika poti mutha kuwapinda lina pamwamba pa linzake, musadzinamize. Masulani mpaka pomwe panagona bwino. Mayi wa ku Chitakale uja tinamasula naye mpaka mzere wa 6, iye akukoka, ine ndikukulunga mpira wa ulusi, ndipo ndinaona mmene zinamupwetekera mtima. Ndimadziwa, masabata atatu si masewera. Koma mwana adzagona pa shaweloyo miyezi yambiri, ndipo makwinya pansi pa msana wa khanda si chinthu chabwino.

Nsimbi ndimaikana pa chifukwa china. Ulusi wambiri umene timagula m'misika yathu ndi ku Limbe ndi acrylic, womwe kwenikweni ndi pulasitiki. Nsimbi ya makala ikaukhudza umasungunuka kapena kufa, n'kukhala wonyezimira, wopanda mphamvu, ndipo subwereranso. Nthunzi yochokera patali imathandiza pa kakwinya kakang'ono, koma singachotse masitichi 26 owonjezera.

Pali kanthu kena kamene kamadabwitsa anthu: wawerenga bwino, shawelo yagona, koma yatuluka ndi ngodya m'malo mozungulira. Zimachitika mukamawonjezera pamalo amodzimodzi mzere uliwonse, chowonjezera pamwamba pa chowonjezera chinzake. Zisuntheni. Ngati mzere ukufuna masitichi 8 kenako awiri pamalo amodzi, yambani ndi 4, wonjezerani, kenako pitirizani ndi 8 mpaka kumapeto, otsala 4 mutsekere. Ikani kaulusi ka mtundu wina poyambira mzere kuti musasochere pamene mwaitanidwa kukaona ndiwo pamoto.

Tsopano za kukula, pomwe pamathera ndalama za anthu. Shawelo yozungulira ya khanda imakhala bwino ikafika masentimita 90 mpaka 100 kudutsa pakati, kuti mutha kumufunditsa bwino popita naye ku sikelo m'mawa wa chiperoni, mu Juni ndi Julayi muja phiri la Mulanje silioneka n'komwe. Musadalire nambala ya mizere yolembedwa mu pateni, chifukwa wolembayo anali ndi ulusi wake ndi dzanja lake. Lukani mizere 5, muyeze ndi tepi kudutsa pakati. Tinene kuti mwapeza masentimita 14. Ndiye kuti mzere uliwonse ukuwonjezera 2.8, ndipo kuti mufike 90 mufunika mizere 32. Mzere womalizawo wokha udzakhala ndi masitichi 384.

Apa ndi pomwe ulusi umathera mosayembekezera. Mpira umodzi ukakufikitsani pa masentimita 45, musaganize kuti wachiwiri ukumalizitsani. Kuti mufike pa 90 mufunika inayi yonse pamodzi. Pa mizere 32 ija, 10 yomaliza imadya ulusi wochuluka kuposa 22 yoyamba. Ndaona amayi ambiri akukwera minibasi kubwerera komwe anagula, n'kupeza mtundu uja watha, kapena wabwera wina wooneka ngati womwewo koma wosiyana ukauika padzuwa. Gulani wonse tsiku limodzi, muone kuti nambala ya utoto pa kapepala ndi imodzi. Amene mumamasula majuzi a pakaunjika, n'zabwino ndithu, koma musasakanize ulusi wonenepa ndi wowonda mu shawelo imodzi. Mzere wa ulusi wonenepa uchita mafunde, wa wowonda ukoka, ngakhale nambala zili zolondola.

Mpendero nawonso umawononga ntchito yabwino pa ola lomaliza. Mzere wa sitichi zazifupi wolukidwa mokoka umamanga shawelo yonse ngati pakamwa pa thumba, ndiye pamenepo masulani dzanja kapena kwezani singano. Ndipo pa khanda pewani mabowo akuluakulu okola tizala, komanso zolendewera zoti angaike m'kamwa.

Mukaichapa shaweloyo, musaipachike pa chingwe. Kuno kwathu chinyezi n'chambiri, imachedwa kuuma, ndipo kulemera kwa madzi kumaikoka mpaka kukhala ngati dzira. Ifinyeni mkati mwa thaulo, muiyale pa mkeka woyera pamthunzi, muiwongole ndi zikhatho kuchokera pakati kupita kunja, muyeze ndi tepi mbali ziwiri kuti zifanane, muisiye iume ili chigonere.

Mayi uja anabweranso dzulo ali pa mzere wa 19. Tinayala pasimenti, tinawerenga limodzi, 228 ndendende, ndipo inagona phee. Wanyamuka kukagula mipira ina iwiri ulusi wa mtundu wake usanathe.