Kolera: musafere pakhomo poganiza kuti chipatala n'cha odziwika okha

Amayi ndi abambo, mafumu athu, mashehe ndi abusa, a m'mbali mwa nyanja ndi akumtunda omwe,

Mvula yagwa, zimbudzi zina zatitimira kale, ndipo kutsekula m'mimba kwayamba kumveka m'madoko. Ine ndine mlangizi wa zaumoyo, mmodzi mwa aja mumatiwona pa sikelo ya ana ndiponso tikamagawa klorini. Kolera payokha sindikuiwopa kwambiri, chifukwa timaidziwa ndipo imachizika. Chimene chandilembetsa uthengawu ndi mawu amene ndawamva pa mjigo, pa doko, mpaka pa maliro: "Kuchipatala n'kwa odziwika. Ife osatha Chichewa, ife opanda wachibale wovala yunifolomu, tikangofera pa mzere." Wonena amanena motsimikiza, womva n'kugwedeza mutu, wodwala ali chigonere m'nyumba.

Tisaiwale msanga. Mliri umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 unagwira anthu oposa 59,000 m'dziko muno ndi kupha oposa 1,700. Mangochi yathu ino inali pakati pa maboma amene anakhudzidwa kwambiri. Boma linachita kulengeza pa 5 Disembala 2022 kuti zinthu zafika pangozi. Ambiri mwa amene tinawataya nthawi imeneyo mankhwala awo analipo. Anafika mochedwa, ena sanafike n'komwe.

Za matendawa mwachidule

Kolera imabwera ndi kachilombo kamene kamakhala m'chimbudzi cha munthu. Kakalowa m'madzi akumwa kapena m'chakudya, wina n'kumeza, basi kwatha. Madzi a m'nyanja ndi a mu Shire, ngakhale awoneke oyera bwanji, si akumwa osathira klorini kapena osawiritsa. Mukathira klorini pa muyeso umene tinakuphunzitsani, dikirani mphindi 30. Sambani m'manja ndi sopo pochokera kuchimbudzi, mukasintha mwana thewera, musanaphike ndiponso musanadye, ndipo muzithirirana madziwo, osati banja lonse kuviika manja m'beseni imodzi. Idyani chakudya chikadali chotentha. Mango atsukeni. Izi mwazimva kambirimbiri pa wailesi, sindichulutsa gaga m'diwa.

Zizindikiro zake: chimbudzi cha madzimadzi chonga madzi otsukira mpunga, chobwera pafupipafupi, nthawi zambiri m'mimba mosapweteka, kusanza, minofu ya m'miyendo kukokana, maso kulowa m'kati, ludzu losatha, mkodzo kusiya kutuluka. Mukatsina khungu la pamimba limakhala chiimire, silibwerera msanga. Munthu wamkulu wamphamvu zake akhoza kumwalira pa maola ochepa chabe, m'mawa anali pa ukonde, madzulo n'kukhala maliro.

Mukangowona zimenezi sungunulani paketi imodzi ya Thanzi, mankhwala obwezeretsa madzi m'thupi, mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, ayambe kumwa pomwepo. Ngati Thanzi palibe, mu lita imodzi ya madzi owiritsa ikani masipuni ang'onoang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere. Azimwa pang'onopang'ono ali pa njinga, ali m'bwato, mpaka mukafike. Akasanza dikirani mphindi 10, muyambirenso. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Koma madziwa ndi a panjira, abale. Si oti wodwala azimwa kunyumba inu mukukambirana ngati kuchipatala akakulandireni kapena ayi.

"Sakatimva"

Ndiyambe ndi chilankhulo, poti apa ndi pamene ambiri mumagwira njakata.

Tsiku lina kunabwera agogo ena pa kabaza, atawamangirira ndi chitenje kumsana kwa mdzukulu wawo kuti asagwe. Anali atayamba kutsekula dzulo lake masana. Nditafunsa chifukwa chimene anagonera nawo usiku wonse, mdzukuluyo anati, "Anganga anakana. Akuti ulendo watha namwino anawakalipira chifukwa amayankha m'Chiyao, ndiye akuti bola afere pakhomo pawo." Milomo inali itauma gwa, mtsempha wa pamkono osawoneka, moti diripi inachita kulowa pa ulendo wachitatu. Mawu okha amene ankatuluka anali "mesi, mesi." Wotithandiza pa zaukhondo, mwana wa konkuno, ndi amene anakhala pambali pawo n'kumawamwetsa ndi kapu uku akuwalankhula m'chinenero chawo. Anachira, koma zinali pang'onong'ono.

Sindikana kuti kukalipako kumachitika. Ndaziwona ndi maso anga, ndipo zimandichititsa manyazi. Ogwira ntchito zachipatala amatumizidwa kuchokera ku Karonga, ku Dedza, ku Nsanje, kulikonse, ndipo ambiri amafika kuno osadziwa ngakhale "Ajimwiche uli?" Ena amaphunzira msanga, ena ulesi. Wina amakhala yekha pa odwala odzaza khonde lonse, wagwira usiku, mtima n'kufupika. Kumeneko si kumuikira kumbuyo ayi, kulakwa ndi kulakwa. Koma taganizani: namwino wokalipa amakupwetekani mtima, kolera imakuchotsani moyo. Kodi n'kusinthana kwanji kumeneko?

Ndipo kolera sifuna Chichewa chambiri. Wachipatala akangoyang'ana maso ndi khungu amadziwa kale chochita. Bwerani ndi wokuperekezani amene amamva zinenero zonse ziwiri ngati alipo pafupi. Ngati palibe, musamudikire. Pafupifupi pa chipatala chilichonse m'boma lino pamakhala wina womva Chiyao, kaya mlangizi, kaya mlonda, kaya wosamalira odwala. Nenani kuti mukufuna womasulira. Si kupempha chifundo kumeneko. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kusala munthu chifukwa cha chilankhulo, chipembedzo, mtundu, ulumali, chuma, kapena poti ndi mkazi kaya mwamuna. Chithandizo cha kolera pa chipatala chaboma n'chaulere. Munthu wotsekula m'mimba chonchi saima pa mzere wa odwala ena, ndipo safunsidwa kuti akudziwana ndi ndani. Pitani molunjika kwa aliyense wovala yunifolomu mukanene kuti "akutsekula madzi okhaokha."

Amayi, apa ndikhalitsepo

Pali zinthu ziwiri zimene zikuchedwetsa amayi kuposa abambo.

Choyamba ndi kudikira chilolezo. Bambo ali ku Joni, foni yawo sikupezeka, kapena uthenga wa pa WhatsApp wangoima pa chizindikiro chimodzi. Apongozi akuti tidikire mwini wake. Mjomba ali kumunda kutsidya. Mayi uja akupita kuseri kachisanu ndi chitatu, mphamvu zikutha, anthu ali pa khonde kuyang'ana foni. Abale anga, kachilomboka sikadikira netiweki. Abambo amene muli ku Johannesburg, ku Durban kapena ku Cape Town ndipo mukuwerenga izi pa foni, chonde imbani lero lomwe, wina asanadwale, muwauze apabanja panu kuti matenda akagwa azinyamuka osakufunsani. Siyani ndi ndalama ya kabaza padera. Kuchipatala sitifunsa kalata ya mwamuna kuti tiike mayi diripi.

Chachiwiri ndi manyazi. Bedi la kolera lili ndi bowo pakati, pansi pake ndowa. Mayi wodzilemekeza akamva zimenezi, n'kumvanso kuti wothandiza akhoza kukhala mwamuna, amati bola ndipirire. Ndikumvetsa, makamaka kwa amayi athu achisilamu amene thupi lawo saliwonetsa kwa mwamuna wachilendo. Timayesetsa kugoneka amayi kwaokha, abambo kwaokha. Bwerani ndi zitenje ziwiri kapena zitatu zofunda, ndi mayi mnzanu wokudikirirani. Muli ndi ufulu wopempha kuti akuwoneni wachipatala wamkazi, ndipo akakhalapo adzabwera. Koma ndisakunamizeni: usiku pa chipatala chaching'ono pakhoza kupezeka mwamuna yekha. Zikatero lolani. Diripi imalowa pamkono. Funsani mashehe anu, akuuzani okha kuti kupulumutsa moyo kuli patsogolo, monganso amanenera kuti wodwala ndi wololedwa kumasula swaumu m'mwezi wa Ramadhani n'kudzabweza masikuwo akachira. Munthu wotsekula m'mimba asakane Thanzi poti akusala.

Mayi woyembekezera akayamba kutsekula, musayese n'komwe za kunyumba. Madzi akachepa m'thupi mwake, mwana m'mimba ndi amene amayamba kuvutika.

Ena amene amadziwona ngati alendo

Alovi ndi asodzi obwera, a ku Nkhata Bay, a ku Likoma, a kutsidya ku Mozambique, amene mumagona m'misasa ku Makanjira, ku Malembo, ku Chembe ndi madoko ena: ndamva kuti mumawopa kufunsidwa chiphaso kapena kabuku ka kuchipatala. Wotsekula m'mimba sitimubweza chifukwa alibe kabuku. Eni mabwato, mnyamata akayamba kutsekula muli pakati pa nyanja, bwezani bwato. Usipa mudzaupeza mawa. Ndipo muzinyamula Thanzi ndi chigubu cha madzi othira klorini ulendo uliwonse, monga mumanyamulira mafuta a injini.

Abale athu osamva ndi osalankhula amavutika mwapadera. Ndinawonapo mnyamata atakhala pa benchi kuyambira m'mawa, dzina lake litaitanidwa kawiri iye osadziwa, anthu n'kumamudumpha. Ambiri a ife chinenero chamanja sitichidziwa, limeneli ndi vuto lathu, si lake. Womuperekeza anene pofika pomwe kuti uyu samva. Oyenda pa njinga ya olumala, osawona, achikulire okhala okha kumapeto kwa mudzi, odwala khunyu kapena matenda a maganizo: amenewa ndi amene amapezeka mochedwa, chifukwa palibe amene anawasuzumira. A mfumu, uzani anthu anu kuti nyumba zoterezi azizigogoda m'mawa uliwonse nyengo ino. Achialubino amene amawopa kuyenda usiku, pa zifukwa zimene tonse tikuzidziwa, aperekezedwe ndi anthu awiri kapena atatu odalirika, asadikire kuti kuche. Amene mumamwa ma ARV musabise, tiuzeni, ndipo musasiye kumwa.

Za mtunda ndikudziwa. Kuchoka ku Makanjira kufika pa boma ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo nthawi ya mvula msewu wake mukuudziwa. Koma simukuyenera kufika pa boma kapena ku Monkey Bay kuti muthandizidwe. Yambani pa chipatala chimene chili pafupi nanu, chaboma kapena cha mishoni, ngakhale kwa mlangizi wa m'mudzi mwanu amene amasunga Thanzi. Za ndalama mukakambirana wodwala ali kale m'manja mwa achipatala.

Palinso mphekesera ija yakuti ku kampu ya kolera amabaya anthu jakisoni wakupha. Bodza. Chimene chimachitika n'chakuti wodwala amasungidwa kunyumba mpaka atakomoka, kenaka n'kumubweretsa atatsala madzi amodzi, akamwalira pa bedi lathu anthu n'kumati achipatala amupha. Amene amabwera akuyenda okha pafupifupi onse amabwerera akuyenda okha. Mphekeserayi ndi ija ya "odziwika" ndi mwana ndi mayi wake, zonse zimathera pa kugoneka wodwala kunyumba usiku wina umodzi.

Kunena zowona, mpata umene ulipo pakati pa inu ndi ife sudzatsekeka ndi mapepala ngati lino. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 1.1 miliyoni m'boma la Mangochi, koma mukalowa m'zipatala zathu, anamwino ndi madokotala obadwira konkuno, olankhula Chiyao cha kubere, ndi owerengeka. Mayi amene akufuna kuthandizidwa ndi mzamba wamkazi womva chinenero chake, mzambayo achokera kuti ngati mtsikana tamuchotsa sukulu ali Sitandade 7, mnyamata n'kumutumiza ku Joni asanalembe Fomu 4? Ndangodutsamo, nkhani imeneyi ndi ya tsiku lina.

Wina akakulalatirani

Musabwerere kunyumba ndi wodwala. Landirani chithandizo kaye, dandaulo pambuyo. Kumbukirani tsiku, nthawi ndi chipinda chimene zachitikira. Kanenani kwa mkulu wa pachipatalapo, kapena kwa a komiti ya chipatala, amene ndi anthu a m'midzi mwanu momwe. Pa chipatala chachikulu cha boma pali ofesi ya ombudsman wa chipatala, ntchito yake ndi kumva madandaulo a odwala, ndipo salipiritsa. Wina akakuuzani kuti mupereke kangachepe kuti muthandizidwe msanga pa chipatala chaboma, chimenecho ndi chiphuphu, kanenani. Mukangokhala chete n'kumakafotokoza pa mjigo, wolakwayo amapitiriza, ndipo amene wamva nkhani yanu ndi amene adzasunge mwana wake kunyumba.

Wina akamwalira ndi zizindikiro za kolera, kaya kunyumba kaya kuchipatala, musasambitse thupi nokha. Tiitaneni. Thupi limakhala lidakali ndi tizilombo tambiri, ndipo osambitsa ndi ophika pa maliro ndi amene amadwala pambuyo pake. Timakambirana ndi a shehe kapena abusa kuti mapemphero achitike ndipo malemu aikidwe mwaulemu, msanga, popanda kuika ena pangozi. Kuwopa za maliro kusakupangitseni kubisa wodwala amene akadali moyo.

Ngati muli ndi funso ndipo mlangizi ali kutali, imbani 929, Chipatala cha pa Foni, ulere. Koma ngati munthu wayamba kale kutsekula madzi okhaokha, imbani muli panjira, botolo la Thanzi lili m'manja. Klorini tikugawa kudzera kwa mafumu ndi makomiti a zaumoyo a m'midzi. Bwerani ndi botolo loyera lokhala ndi chotsekera, ndipo mutengerekonso aneba anu amene sangathe kuyenda.